Kuphunzira ma pattern opangira ma object mu PHP: yambirani pa khodi yolipiritsa

Ma design pattern opangira ma object salowa m'mutu poloweza zithunzi za UML, zija zoonetsa ma class ndi kulumikizana kwawo. Tsegulani pulojekiti yanu, mufufuze paliponse pamene munalemba `new`, muone kuchuluka kwake. Ma pattern amenewa akuyankha funso limodzi: ndani ayenera kupanga object, ndipo aipangire pati? Buku la Design Patterns la mu 1994, lolembedwa ndi Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides, linafotokoza ma pattern 23, ndipo asanu mwa iwo ndi opangira ma object: Factory Method, Abstract Factory, Builder, Prototype ndi Singleton. Zitsanzo zake zinali mu C++ ndi Smalltalk, ndiye ife olemba mawebusaiti tiyenera kusankha zomwe zikutikhudza.

Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi sitolo yaing'ono ya pa intaneti yomwe imalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ilembeni kaye mosaganizira pattern iliyonse. Mu controller yolipiritsa mulemba `if` wa Airtel, `else` wa Mpamba. Mu fayilo yobweza ndalama mulembanso zomwezo. Mu fayilo yofunsa ngati ndalama zalowa, zomwezonso. Tsopano yerekezani kuti mwini sitolo wabwera mawa kuti akufunanso makhadi a kubanki. Mafayilo atatu aja muwatsegula onse, ndipo limodzi mukaliiwala mudzadziwa kasitomala akadandaula. Mukakumana nalo vutoli ndi manja anu, factory mwayamba kale kuimvetsa.

Choyamba pangani interface yonena zomwe njira iliyonse yolipirira iyenera kuchita, kenako malo amodzi okha opangira:

```php
interface NjiraYolipira {
    public function lipira(int $tambala, string $foni): bool;
}

class Malipiro {
    public static function panga(string $mtundu): NjiraYolipira {
        return match ($mtundu) {
            'airtel' => new AirtelMoney(),
            'mpamba' => new Mpamba(),
            'khadi'  => new Khadi(),
        };
    }
}
```

Controller yanu tsopano ingoitana `Malipiro::panga($mtundu)` basi, ilibenso nazo ntchito zoti ndi kampani iti. Mukawonjezera njira ina, mulemba class yake n'kukhudza mzere umodzi mu `Malipiro`. `match` inabwera ndi PHP 8.0 mu 2020, ndipo ndimaikonda pano chifukwa ikapatsidwa mtundu womwe sikuudziwa imaponya `UnhandledMatchError` nthawi yomweyo, siingodutsa mwakachetechete monga `switch` yopanda `default`. Mwaonanso kuti ndalama ndaziika mu matambala ngati `int`. Ndalama musamazisunge mu `float`, chifukwa kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 sipeza 0.3 yeniyeni.

Dziwani kuti chimene talembachi anthu amachitcha simple factory. Factory Method ya m'buku lija ndi yosiyana pang'ono: class yaikulu imakhala ndi method yopangira object, ma class obadwa kwa iyo n'kumasankha choti apange. Kwa webusaiti yaing'ono, yophwekayi ndi yokwanira. Abstract Factory imafunika pamene zinthu zikuyendera limodzi ngati banja. Njira iliyonse yolipirira imakhala ndi chotumizira pempho, chotsimikizira uthenga wobwera kuchokera ku seva yawo, ndi chobwezera ndalama. Simukufuna chotumizira cha Airtel chigwire ntchito ndi chotsimikizira cha Mpamba, ndiye factory imodzi ipereke zonse zitatu za kampani imodzi.

Builder mwina mumaigwiritsa kale ntchito osadziwa. Mu Laravel, framework ya PHP, mukalemba `DB::table('maoda')->where('mudzi', 'Zomba')->orderBy('tsiku')->get()`, mukumanga funso la SQL pang'onopang'ono, method iliyonse ikubweza `$this`, mpaka `get()` itamaliza. Kuti muimvetse, lembani yanu ya invoice: `->kwa($kasitomala)`, `->onjezani($katundu)`, `->msonkho(...)`, pomaliza `->manga()`. Phindu lenileni lili mu `manga()`, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakanira invoice yopanda katundu isanabadwe n'komwe. Koma ngati vuto lanu ndi loti constructor ili ndi zinthu zambiri ndipo mumasokoneza dongosolo lake, PHP 8.0 ili ndi named arguments, moti mutha kulemba `new Oda(mudzi: 'Zomba', kulemera: 5)` osamanga class ina.

Prototype sindichedwapo. Mu PHP ndi `clone`. Chenjezo ndi limodzi: `clone` imakopera pamwamba pokha. Oda ikakhala ndi object ya adiresi mkati, ma oda awiriwo agawana adiresi imodzi, mukasintha kwina kwasinthanso. Lembani `__clone()` yokoperanso zamkati.

Singleton ndi yomwe ongoyamba amaithamangira, ndipo ine ndingakonde mutaiphunzira pomaliza. Kulemba kwake n'kosavuta: constructor ikhale `private`, `static $instance` imodzi, ndi `getInstance()`. Ambiri amaikamo PDO yolumikizira database. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba, class iliyonse yoitana `Database::getInstance()` mkati mwake imabisa zomwe ikudalira, ndipo tsiku lolemba ma test a PHPUnit mudzalephera kuipatsa database yoyeserera. Lachiwiri likukhudza momwe seva imagwirira ntchito. Mu PHP wamba, kaya pa Apache kapena PHP-FPM, zonse za `static` zimafafanizika request ikatha, ndiye singleton yanu imangokhala moyo wa tsamba limodzi. Pa Node.js kapena Laravel Octane pulogalamu imakhalabe mu memory, ndipo singleton imapitirira kwa mlendo wotsatira. Mukasungamo dzina kapena dengu la munthu amene walowa, winayo akhoza kuona zinthu za mnzake. Imeneyo si nkhani yochepa pa webusaiti yogwira ndalama za anthu.

Chimene ndimachita m'malo mwake n'kupanga PDO kamodzi poyambira pulogalamu, n'kuipereka kudzera mu constructor kwa class iliyonse yoifuna: `new Maoda($pdo)`. Object ndi imodzibe, koma aliyense wowerenga akuona komwe yachokera. Laravel ndi Symfony ali ndi service container yochita ntchito imeneyi, mu Laravel mumalembetsa ndi `$this->app->singleton(...)` mu service provider, ma class anu osadziwa n'komwe kuti object ndi imodzi.

Poyeserera, chitani zonsezi mu Git, commit imodzi pa kusintha kulikonse. Musanakhudze `if` aja, lembani test yoti kulipira ndi Airtel kukuyenda ndiponso ya Mpamba. Kenako samutsirani ma `new` mu factory, muyendetse ma test. Onjezani class ya `NjiraYoyeserera` yomwe imangobweza `true` osaitana seva ya kampani iliyonse, muilembetse mu `match`, muone kuti controller simunaikhudze. Mukafika pamenepo, pitani ku `git diff` muwerenge mafayilo amene asintha powonjezera njira yatsopanoyo. Akhale awiri okha: class yatsopano ndi `Malipiro`. Akaposa pamenepo, pali `new` wina amene munamusiya panja, mufufuzeninso.