Tambala mmodzi akwana

Ndinayamba ndi nkhuku zazikazi zinayi, n'kuikamo atambala awiri. Pasanathe mwezi, nthenga zapamsana pa thadzi lililonse zinali zitasosoka, atambalawo akungotemana mpaka magazi. Mmodzi ndinamuchotsa.

Pano ndimasunga tambala mmodzi pa nkhuku zazikazi 8 mpaka 10. Zikachepa, amazikwera pafupipafupi n'kuzivulaza ndi zikhadabo.

Tambala wachilendo musamuponye m'khola tsiku lomwe wabwera. Mutsekereni payekha kwa milungu iwiri, muone ngati akutsokomola, akuwodzera kapena ali ndi utitiri. Chitopa chimalowa ndi nkhuku yachilendo, ndipo chimatha kupululutsa khola lonse. Akaoneka wathanzi, muikeni kuseri kwa waya kwa masiku angapo kuti azionana koma osajomphana. Ine ndimamulowetsa usiku zinzake zitagona, m'mawa mkangano umachepa.

Chakudya ndi madzi muziika malo awiri, thadzi lamantha lisagone ndi njala.

Ngati mukungofuna mazira odya, tambala safunika, nkhuku zimaikira ndithu popanda iye. Iyeyo ndi wa anapiye, omwe amaswa thadzi likafungatira masiku 21. Koma kulira kwake kwa mbandakucha, yambani mwakambirana ndi anansi anu.