Kagwiridwe ka mutu wa lesão celular, osaloweza ngati nyimbo

Anzanga amene mukuphunzira unamwino kuno ku Tete, mutu uwu wa kuvulala kwa maselo umagwetsa ambiri pa prova chifukwa choloweza mawu okhaokha. Ine ndinaugwira nditasiya kaye buku nkuyamba kuyang'ana anthu.

Yambani ndi funso limodzi, selo yapanikizika ndi chiyani? Kawirikawiri ndi kuchepa kwa okosijeni, hipóxia ija, makamaka magazi akasiya kufika, koma palinso moto, poizoni, tizilombo ngati ta malungo, njala, chitetezo cha thupi chikalusira mwini wake, matenda akumtundu ndi ukalamba.

Vuto likamabwera pang'onopang'ono selo imazolowera. Mkono wa mlimi wa ku Angónia watupa minofu ndi khasu, maselo sanachuluke ayi angokula, ndiye hipertrofia, mtima wa munthu wa BP umateronso koma uko mathero ake ndi kutopa. Maselo akachuluka ndi hiperplasia, ganizani madala okodza modontheza chifukwa próstata yakula. Mwendo wotuluka mu gesso utawonda ngati bango, atrofia. Metaplasia ndiye yovuta, wosuta chingambwe maselo a m'njira ya mpweya aja okhala ndi tiubweya tosesa fumbi amalowedwa m'malo ndi ena ophwatalala, olimba ndithu koma osasesa, ndipo akapitiriza kusuta khansa imatha kuyambira pomwepo.

Tsopano apa khalanipo nthawi. Tengani mitocôndria, kachigawo ka mkati mwa selo kopanga mphamvu, ngati Cahora Bassa wa selo, magetsi ake ndi ATP. Okosijeni ikasowa magetsi athima, pampu yotulutsa sódio yaima, sódio wadzaza mkati, madzi amutsatira, selo yafufuma. Pamenepa magazi akabwerera msanga imachira bwinobwino. Akachedwa cálcio amakhamukira mkati nkudzutsa ma enzima amene amadya khoma la selo, zamkati zonse zitayikira panja, basi palibenso kubwerera. Popanda okosijeni maselo a ubongo satha kupirira kupitirira mphindi 3 mpaka 5, a mtima pafupifupi 20 mpaka 30, ndipo poti zamkati zimatayikira panja, troponina, puloteni ya m'maselo a mtima, ikapezeka yambiri m'magazi timadziwa kuti mtima wavulala.

Jambulani ndondomeko imeneyi ndi mivi papepala katatu osaonera, muifotokozere mnzanu m'Chichewa, mukakakamira pakati bwererani.

Musasokoneze necrose ndi apoptose, njira ziwiri zimene selo imafera, aphunzitsi amakonda kutcherapo msampha. Necrose selo imaphulika malo ozungulira nkutupa, ngati mapapo a TB aja ooneka ngati chambiko chouma. Apoptose imafota yokha mwakachetechete, macrófago, selo yachitetezo yodya zinyalala, nkubwera kudzatola zotsala.