Momwe mungayezere kutentha kwa mankhwala oyenda m'chubu cha mu microwave

Nambala imene makina a microwave a mu labotale amaonetsa pa sikirini isakunyengeni. Makina ambiri ali ndi sensa ya infrared (yoyeza kutentha patali, osakhudza chinthucho), ndipo iyo imaona kunja kwa chubu kokha, pamene mphamvu ya microwave ya 2.45 GHz imatenthetsa zamadzimadzi za mkati. Khoma la chubu, la galasi kapena la pulasitiki ya PTFE, limatsalira m'mbuyo pa kutentha. Mu 2008 gulu la Oliver Kappe ku Graz, m'dziko la Austria, linaonetsa kuti zina mwa zimene anthu ankati ndi mphamvu yapadera ya microwave zinali kuyeza kolakwika basi.

Yambani ndi kusankha choyezera. Thermocouple wamba (choyezera kutentha cha mawaya achitsulo) musailowetse m'makinamo, chifukwa chitsulo chimakoka microwave ngati eriyo, chimadzitenthetsa chokha, mwinanso kuthetheka. Pezani choyezera cha fibre optic, cha kachingwe ka galasi kodutsa kuwala. Ndi chodula, komanso sichichedwa kuthyoka, koma microwave sichiisamala.

Musanachiike, chiyeseni m'madzi osakaniza ndi ayezi, chionetse 0 °C, kenako m'madzi owira. Kumbukirani kuti kumalo okwera madzi amawira asanafike 100 °C.

Ntchito yeniyeni ili pa malo ochiika. Mankhwala amalowa m'chubu ali ozizira, n'kumatentha akamayenda, choncho malo amodzi sangakuuzeni za chubu chonse. Lowetsani nsonga m'zamadzimadzi momwemo, isakhudze khoma, pafupi ndi potulukira koma mkati mwa makina. Mukakhala ndi chachiwiri, chiikeni pakati pa chubu. Ena amayezera kunja, mankhwala atatuluka, poti pamenepo thermocouple imagwira bwino. N'zoona, koma chubu chopyapyala chimazizira msanga, ndiye nambala yake muitenge ngati yochepa kuposa yeniyeni. Ngati m'chubumo mwadzaza catalyst (chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) monga chitsulo cha palladium cha pa kaboni, chenjerani kwambiri: kaboni amamwa microwave mwamphamvu, ndipo timalo tina timatentha kuposa mankhwala odutsapo.

Potulukira ikani back pressure regulator, kachipangizo kosunga mphamvu yopanikiza m'chubu, kuti zamadzimadzi zisawire. Thovu likafika pa nsonga, nambala imangodumphadumpha.

Tsopano yatsani pampu, kenako microwave. Osayamba ndi microwave. Dikirani nambala ikhazikike musanalembe kanthu, ndipo mukasintha liwiro la pampu kapena solvent (zamadzimadzi zosungunulira mankhwala), yezaninso. Mwa ma solvent, ethanol amamwa microwave kwambiri pamene toluene amamwa pang'ono, kotero mawati omwewo sapereka kutentha kofanana.

Pomaliza chitani masamu. Galamu imodzi ya madzi imafuna majuulo 4.18 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Madzi oyenda mamililita 10 pa mphindi, okwera ndi madigiri 80, amafuna mawati pafupifupi 56. Ngati makina akutulutsa mawati 30 koma choyezera chikuti madzi akwera chotero, chitulutseni mukachiyesenso mu ayezi.