Momwe mungatetezere khola la ng'ombe za mkaka ndi nkhumba ku matenda opatsirana

Matenda ambiri amalowa m'khola ndi chiweto chogula kumene, ndiye ntchito yaikulu ili pamenepo.

Musanapite kukagula, mangiranitu khola lapadera patali ndi ziweto zanu, pomwe sizingakhudzane mphuno. Chiweto chatsopano chikhale mmenemo masiku 30. Ambiri amatopa pakatha sabata imodzi poona kuti chikudya bwino, chonsecho chigodola cha nkhumba chimatha kubisala mpaka masabata awiri kapena kuposerapo. Khola limeneli likhale ndi ndowa, fosholo, tsache ndi jombo zakezake, ndipo muzilowamo pomalizira mukathana ndi ziweto zina zonse. Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera kawirikawiri: khola mwapatula bwinobwino, koma wilibala yochotsera ndowe ndi imodzi, kapena madzi otsukira akuyenderera kupita ku khola lakale. Ndiye kuti simunapatule kanthu.

M'mawa uliwonse yezani kutentha kwa thupi. Ng'ombe yabwino imakhala pakati pa 38 ndi 39 digiri. Nkhumba ikadutsa 40, n'kusiya kudya, makutu ndi kumimba kukufiira, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Chigodolachi chilibe mankhwala. Munthu akamagulitsa nkhumba zambiri nthawi imodzi pamtengo wolira, dziwani kuti mwina kwawo zayamba kufa. Nkhumba yaimuna kapena nkhunzi yobwereka nayonso ndi mlendo, idutse m'khola lapadera lija.

Pakhomo ikani chopondamo cha mankhwala ophera tizilombo, koma yambani mwachotsa matope ku jombo chifukwa matope ndi ndowe zimapha mphamvu ya mankhwalawo. Ogula nkhumba aziimirira kunja. Zotsala za kukhitchini ndi bwino kusiya kupatsa nkhumba, poti kachilombo ka chigodola kamakhala miyezi m'nyama, ngakhale youmitsa. Ngati simungachitire mwina, ziwiritseni mphindi zosachepera 30 mukutakasa.

Pokama, sambani m'manja, ndipo ng'ombe iliyonse ikhale ndi kansalu kake kopukutira. Mkaka woyamba kutuluka pokama kamirani m'kapu yakuda mkati. Mukaona timibulu kapena mkaka wamadzimadzi, bere ladwala. Ng'ombe yoteroyo ikameni pomalizira, ndipo ikabayidwa mankhwala tayani mkaka wake kufikira masiku olembedwa pabotolo atakwana. Mukatha kukama viikani nsonga za mawere mu ayodini, kenaka ipatseni chakudya kuti iimirire mphindi 30 tibowo ta mawere titsekeke isanagone pandowe.

Katemera amasungidwa pozizira, pakati pa 2 ndi 8 digiri. Wogulitsa akamutulutsa m'thumba lotentha, musagule, ngakhale atsitse mtengo chotani.

Malangizo otsalawo ndi odziwika. Thirani mankhwala a nkhupakupa motsatira botolo, osawasungunula mopitirira pofuna kusunga ndalama. Ng'ombe ikapoloza, musagwire zotulukazo ndi manja osavala kanthu chifukwa matenda ake amagwiranso anthu. Chiweto chofa chokha chikwirireni dzenje lakuya mamita awiri, osadya kapena kugulitsa nyama yake.