Kukonzanso ndege ya rimoti ya petulo ya 50cc yomwe yakhalitsa osauluka

Ndege ya rimoti ya mtundu wa Extra 330, Edge 540 kapena Yak 54 yokhala ndi injini ya 50cc si choseweretsa ana. Mapiko ake amafika pafupifupi mamita 2.2, imalemera makilogalamu 7 mpaka 8, ndipo pulopela yake ya mainchesi 22 kapena 23 imazungulira pafupifupi ka 7,000 pa mphindi. Yotere ikapezeka kuno ku Tete imakhala yoti inadutsa kale m'manja mwa ena, mwina ku Johannesburg kapena ku Harare, kenako n'kukhala zaka ili pakona. Ambiri akaigwira amathamangira kuliza injini. Musatero. Injini ya silinda imodzi imagwedeza ndege yonse, ndipo kugwedezako n'kumene kumafukula guluu wotopa, hinji yong'aluka ndi waya wodyeka. Ntchito iyambire pa matabwa, ndipo ndalama zogulira zida zatsopano zituluke pokhapokha mwakhutira kuti matabwawo ali moyo.

Musanamasule kanthu jambulani zonse ndi foni, makamaka mawashala omwe ali kuseri kwa miyendo ya injini. Sanaikidwe mwangozi: ndi amene amapendeketsa injini madigiri 2 kapena 3 chakumanja. Kenako chotsani injini, thanki, ma servo (timamota tosuntha ziwongolero za ndege), mabatire ndi mawaya onse, thupi litsale lopanda kanthu. Walitsani tochi mkati. Mukaona timizere tadothi kapena ufa wa thabwa, chiswe chinafikamo, ndipo balsa (thabwa lopepuka lomangira ndegezi) wodyedwa ndi chiswe amaoneka bwino kunja koma chala chimangolowa. Gwirani thupi kutsogolo ndi kumchira n'kulipotokola pang'ono. Likamalira tsetsetse ndiye kuti pali polumikiza pomwe pasiyana, ndipo muyenera kupapeza.

Malo atatu ndi amene amagamula ngati ndegeyo ndi yoyenera thukuta lanu: bokosi lonyamula injini pamodzi ndi firewall (thabwa lomangapo injini), thabwa lomangapo miyendo ya matayala, ndi chibowo cholowamo chubu cha mapiko. Awiri oyambawo amakonzeka ngakhale atasweka. Koma ngati chibowo cha chubu chasweka mkati mwa phiko, ndipo nthiti zochigwira zaphwanyika mbali zonse ziwiri, ganizirani kawiri. Kumanga phiko latsopano nthawi zina n'kosavuta kuposa kutsegula lakalelo. Chubu chenichenicho chigubuduzeni pagalasi. Cha aluminiyamu chikapindika musachiwongole, gulani china. Cha carbon chipindeni pang'ono pafupi ndi khutu, ndipo mukamva kuthetheka chitayeni.

Mafuta olowa m'thabwa

Chotsani pulasitiki yokutira ndege poitenthetsa pang'ono ndi simbi n'kumasenda pang'onopang'ono. Utoto wotsalira pa balsa umachoka ndi acetone. Pansi pa thupi, kuseri kwa ekizozi ndi pozungulira thanki mupeza thabwa lakuda lonona. Guluu sagwira pathabwa lotere, pulasitiki yatsopano nayonso simamatira. Sakanizani ufa woyera wosefa bwino ndi sipiriti mpaka zikhale ngati phala, pakani pamalopo, ndipo zikauma kolopani ndi burashi. Ufawo umatuluka wachikasu chifukwa wayamwa mafuta. Bwerezani mpaka uzituluka woyera. Poyesa, ikani pepala la khaki pamalopo n'kusita: likachita banga, mafuta akadalimo. Mbali yomwe yafewa mpaka chikhadabo kumalowa idulidwe, osalimbana nayo.

Firewall yatsopano ikhale ya plywood ya birch yokhuthala mamilimita 6 kapena kuposerapo. Plywood ya m'masitolo a zomangira nyumba ili ndi magawo ochepa komanso mphako mkati, ndipo ma blind nut (manati okhomera kuseri kwa thabwa) amamira m'menemo bawuti ikamangidwa. Ngati ya birch yasowa, matani mapepala awiri a plywood yopyapyala yabwino ndi guluu wosakaniza wa epoxy, mizere ya thabwa itapingasana. M'makona onse ikani timatabwa ta makona atatu, kenako boolani timabowo ta mamilimita 3 kuchokera m'mbali mwa bokosi kulowa mu firewall n'kukhomamo timitengo tansungwi topaka epoxy. Timitengoti n'timene timaletsa injini kuzula firewall ndege ikamakwera choimirira.

Gwiritsani epoxy ya mphindi 30. Ya mphindi 5 siilowa bwino m'thabwa ndipo imathetheka ikamagwedezeka. Kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, komwe kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa epoxy msanga kuposa zolembedwa pabotolo, choncho sakanizani pang'onopang'ono pachivindikiro chafulati, m'mawa kusanatenthe. Ming'alu ya balsa imafuna guluu wa CA (super glue) wamadzimadzi. Mukamaliza, sungunulani epoxy ndi sipiriti pang'ono n'kupaka bokosi lonse la injini ndi malo a thanki kuti mafuta asalowenso. Kumchira musachulutse guluu: magalamu 10 owonjezera kumeneko adzafuna 30 kapena 40 kutsogolo.

Mahinji akokeni mwamphamvu limodzilimodzi. Limodzi likasuntha, sinthani onse a mbali imeneyo, chifukwa anakalamba limodzi. Pomata atsopano pakani Vaseline pang'ono pa mfundo yake kuti epoxy isaigwire. Mpata wa pakati pa phiko ndi aileron (chiwongolero chakumbuyo kwa phiko chogubuduza ndege) utsekeni ndi kachidutswa ka pulasitiki yokutira. Mpata waukulu, hinji yofooka ndi servo yodyeka magiya ndi zimene zimayambitsa flutter, kunjenjemera kothamanga komwe kumathothola aileron kapena elevator (chiwongolero chakumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno) m'masekondi ochepa.

Musanakutire, lowetsani mapiko ndi mchira n'kuyeza. Chingwe chosatamuka chochokera pakati pa mchira chifike mofanana kunsonga za mapiko onse awiri. Ndege za mtundu uwu zambiri zimamangidwa mapiko ndi mchira zili pa digiri 0, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti phiko lamanja lifanane ndi lamanzere. Pulogalamu yoyezera kupendekeka ya pafoni imathandiza. Timabowo ta timapini toletsa phiko kuzungulira tikakula, titsekeni ndi plywood n'kuboolanso. Pokutira ndi Oracover kapena Ultracote, guluu wake amagwira simbi ikafika madigiri 90 mpaka 100, ndipo pulasitikiyo imayamba kukokana pa 150. Matani m'mphepete monse kaye, kukoketsa kubwere pambuyo. Pamwamba sankhani mitundu yowala, chifukwa yakuda imachita makwinya padzuwa la kuno, ndipo pansi pasiyane kwambiri ndi pamwamba kuti muzidziwa mbali yomwe mukuona ndege ikamagubuduka.

Injini ndi mafuta

Tsopano injini, kaya ndi DLE 55 kapena DA-50. Izungulitseni ndi dzanja pulaga itachotsedwa. Ikamakhukhuta ngati muli mchenga, mabering'i achita dzimbiri. Chotsani ekizozi n'kusuzumira pisitoni pabowo lake. Mizere yozama yotsika m'mbali mwa pisitoni ikusonyeza kuti injiniyo inatenthapo kwambiri kapena inameza fumbi.

Injini yokhalitsa ikamakana kulira, mlandu nthawi zambiri umakhala wa kabureta. Kabureta ya Walbro, kapena yofanana nayo, ili ndi timapepala tiwiri tofewa: kena kamapopa mafuta, kena kamayeza mafuta olowa. Petulo akaumira m'menemo timapepalati timauma gwa. Werengani nambala yodindidwa pathupi la kabureta n'kugula kiti yake. Pomasula onetsetsani dongosolo lake, chifukwa mbali ziwirizi n'zosiyana: kumbali ya pampu kapepala kamagona pathupi la kabureta gasiketi n'kubwera pamwamba, pomwe kumbali yoyezera gasiketi ndiyo imayamba. Mukasemphanitsa, injini siikoka mafuta. Mkati muli kasefa kakang'ono kawaya komwe kamadzaza zinyalala. Makaniko wokonza makina ochekera matabwa amaidziwa bwino kabureta imeneyi. Kuseri kwake kuli ma reed valve, timapepala tolola mafuta ndi mpweya kulowa osabwerera, ndipo ayenera kugona osasiya mpata. Ong'ambika m'mphepete amavutitsa kuliza ndipo injini siikhazikika pa idle, pomwe imalira pang'onopang'ono.

Pulaga ndi NGK CM6, mpata wake pafupifupi theka la milimita. Moto umayaka pafupifupi madigiri 28 pisitoni isanafike pamwamba, ndiye ngati sensa yoyang'anira nthawi ya motowu sinasunthe musaikhudze. Yang'anani waya wokhuthala wopita ku pulaga: chikuto chake chachitsulo chikadyeka pokhudzana ndi cowl (chivindikiro cha injini), phokoso lamagetsi limasokoneza risiva, kabokosi ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti. Musayese moto chipewa cha wayayu chili chopanda pulaga, mutha kuotcha bokosi la ignition, lomwe limapanga motowo. Werenganinso mavoti olembedwa pabokosilo, chifukwa akale ambiri amalola 4.8 mpaka 6 okha ndipo batire ya LiPo ya maselo awiri imawapsereza.

Mapayipi onse a mafuta atayeni osayang'ana n'komwe. Payipi yachikasu ya Tygon imauma pakapita nthawi, ndipo ya mkati mwa thanki ikauma, kachitsulo kolemera kakunsonga sikatsatiranso mafuta ndege ikatembenuka chagada, injini n'kuzima m'mwamba. Mkati mwa thanki payipi ya Viton ndi imene imakhalitsa. Payipi ya silikoni imatupa ndi petulo. Thanki ya mamililita 500 mpaka 700 ndi yokwanira. Ikani sefa pa chigubu chothirira, makamaka ngati petulo ndi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu.

Oyilo akhale wa injini za two-stroke zozizira ndi mpweya, wolembedwa JASO FD. Wa injini za maboti wolembedwa TC-W3, womwe asodzi a ku Cahora Bassa amagwiritsa ntchito, anapangidwira injini zozizira ndi madzi, ndipo silinda ya ndege imatentha kuposa pamenepo. A DLE amati 30:1, kutanthauza mamililita 33 pa lita imodzi, kapena 167 pa malita 5. Yezani ndi jekeseni, osati ndi maso.

Ma servo a aileron ndi elevator akhale a magiya achitsulo, amphamvu yosachepera makilogalamu 20 pa sentimita, wa rudder (chiwongolero chakumchira chokhotetsa ndege) aposerepo. Gwedezani mkono wa servo iliyonse magetsi ali oyaka. Ukamasewera, magiya atha. Mawaya owonjezera ndi masiwichi akale asintheni, ndipo polumikiza paliponse mumange ndi ulusi kuti pasazuke. Mabatire akale a NiCd kapena NiMH asabwererenso m'ndege. Awiri a LiFe a mavoti 6.6, aliyense ndi siwichi yake, amateteza risiva batire imodzi ikafa. Ignition ikhale ndi opto kill switch kuti muzitha kuzimitsa injini pawailesi yowongolera ndege, ndipo bokosi lake litalikirane ndi risiva masentimita 30 ngati malo alipo. Kandodo ka throttle (chokweza ndi kutsitsa liwiro la injini) kalumikizidwe ndi ball link (cholumikizira cha kampira) yapulasitiki, chitsulo chisakhudzane ndi chitsulo. Mabawuti olowa m'chitsulo apakeni Loctite yabuluu yoletsa kukhwepa.

Poyeza polemerera ndege, thanki ikhale yopanda mafuta. Ngati buku lake linasowa, yambirani pakati pa 25 ndi 30 peresenti ya m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo, poyezera chapakati pa phikolo. Pa ndege zambiri zotere malowa amagwera pa chubu cha mapiko kapena pafupi nacho. Sunthani mabatire musanaganize zoika mtovu. Pa ulendo woyamba elevator iziyenda madigiri 12 mpaka 15, aileron 20, rudder 25 mpaka 30, expo (yofewetsa timitengo ta wailesi chapakati) ili pa 30 peresenti. Madigiri 45 a masewera ovuta a m'mwamba otchedwa 3D adikire.

Nkhani ya masingano a kabureta, timasikuluwu tochunira kuchuluka kwa mafuta, ndi imene imapha injini zambiri zochokera kutali. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, Harare pafupifupi 1,500, pomwe mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, osafika mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye mwini wakale anatseka masingano kuti mafuta achepe. Injini yomweyo ikatsikira kuchigwa imameza mpweya wambiri pa mafuta ochepa omwewo, n'kutentha mpaka kukanda pisitoni. Zimachitikanso kwa wochuna ndege kumtunda ku Ulónguè kapena ku Tsangano n'kukaulutsa kuchigwa ku Moatize. Choncho yambirani pachiyambi: tsekani masingano onse mosakanikiza, kenako tsegulani ya L (ya liwiro lotsika) poizunguza kamodzi ndi kota, ya H (ya liwiro lokwera) kamodzi ndi theka. Mchira umangidwe pachikhomo kapena mnzanu augwire, dzanja lopukusa pulopela livale gulovu yokhuthala, ndipo singano isinthidwe injini itazima, pang'onopang'ono kwambiri. Chunani H mpaka injini ifike pachimake, kenako tsegulani pang'ono kuti itsike ndi 200 pa mphindi. Mukatsegula throttle mwadzidzidzi injini n'kuzima, L yachepetsa mafuta. Ikamatsamwa ndi kufuka utsi isanakwere, yachulutsa. Pa idle ikhazikike chapakati pa 1,500 ndi 1,800. Pulaga yabwino imatuluka yofiirira ngati khofi wamkaka, ndipo yotuwa mbuu ndi chenjezo. Bowo lotulukira mpweya pansi pa cowl likule kawiri kapena katatu kuposa lolowera, apo ayi mpweya wotentha umangozungulira mkati.

Pulopela yathabwa imafota m'chilimwe chouma cha kuno, mabawuti ake n'kukhwepa okha. Amangeni mopingasa tsiku lililonse louluka.

Malo oulutsira akhale kutali ndi nyumba, msewu ndi bwalo la ndege la Chingozi, ndipo funsani a IACM, omwe amayang'anira za ndege mu Mozambique, za chilolezo. Bwalo la mpira lapakati pamudzi ndi laling'ono kwa ndege iyi, komanso ana amathamangira phokoso. Pabwalo lafumbi thirani madzi pamalo olizira injini, chifukwa kabureta ilibe sefa ya mpweya. Yesani wailesi pa mphamvu yochepa muli mamita 30, poyamba injini itazima kenako ikulira. Zimitsani wailesi injini ikulira, mchira utagwiridwa, muone ngati failsafe, chitetezo cha risiva ikasiya kumva wailesi, ikutsitsa throttle. Ulukani m'mawa, ulendo woyamba usapitirire mphindi 5. Ndege ikakwera bwino, ikwezeni pa madigiri 45, itembenuzeni chagada n'kusiya timitengo ta wailesi: ikagwetsa mphuno msanga ndi yolemera kutsogolo, ikamapitiriza kukwera yokha ndi yolemera kumchira. Ikatera chotsani cowl ndi mapiko, mangani mabawuti onse, kokaninso mahinji, ndipo walitsani tochi m'makona a firewall kufunafuna ufa woyera wa thabwa kapena mng'alu watsopano musanathirenso mafuta.