Muli ndi situdiyo? Musathamangire Windows 11

Anzanga ojambula nyimbo kuno ku Kasungu, kompyuta ikayamba kukunyengererani kuti muike Windows 11, ikanizeni kaye mpaka nyimbo za makasitomala zithe. Zoona, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, koma pulogalamu yanu yopangira nyimbo ya FL Studio sinafe tsiku limenelo.

Yambani mwaona pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga sound card yanu ngati driver ya ASIO ya Windows 11 ilipo (kapulogalamu kolumikiza sound card ndi pulogalamu yojambulira nyimbo). Ikasowa, mawu amatuluka mothetheka kapena maiki osamveka n'komwe, kwaya yonse itafika kale pa minibasi kuchokera ku Santhe.

Kenako project iliyonse isungeni ngati zip, ndipo track iliyonse muitulutse payokha ngati fayilo ya mawu ya WAV pa hard drive ina. Ambiri amachita ulesi apa. Komatu plugin yakale (kapulogalamu kowonjezera zida kapena kukometsa mawu) ikakana kutseguka pa Windows 11, mawu ake mumakhala muli nawo kale.

Zikavuta mutasintha, muli ndi masiku 10 okha obwerera ku Windows 10, kudzera pa Settings, System, Recovery. Ogwiritsa ntchito makompyuta a Mac, nanunso samalani kwambiri musanasinthe: kuyambira macOS Catalina ya 2019, mapulogalamu akale a 32-bit satsegukanso.