Zotsekera Mabotolo Zingathandize Ana Kuwerenga

Kuyambira mu 2022, pamene boma la Zambia linakhazikitsa maphunziro aulere, makalasi a pulayimale muno mu Lusaka, makamaka m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama, adzaza kwambiri moti mabuku sakwanira mwana aliyense. Kwa inu aphunzitsi a Giredi 1 ndi 2, langizo langa ndi lakuti mupemphe ana kuti azibweretsa zotsekera mabotolo zapulasitiki. Zachitsulo muzipewe, chifukwa zimachita dzimbiri ndipo zimacheka zala.

Mukazitsuka ndi sopo, lembani ndi cholembera cha maka phatikizo limodzi la zilembo pa chotsekera chilichonse, monga ma, ta, mu, tu, lo. Kenako gawani ana m'timagulu ta anayi kapena asanu kuti apange okha mawu monga "mutu" ndi "malo". Mwana wamanyazi, amene amangozyolika akaitanidwa ku bolodi, amamasuka akamasuntha zinthu ndi manja ake pakati pa anzake, ndipo inu mukamazungulira mumaona msanga amene akusokoneza b ndi d.

Pa nthawi ya masamu, zotsekera zomwezo aziunjike khumikhumi pophunzira kuphatikiza ndi kuchotsera. Pomaliza, gulu lililonse liziwerenge lisanazibwezere m'chitini chake, kuti zisamathere m'matumba.